Mwana akumaliza Grade 7 kuno ku Joni, kodi ndimutumize kumudzi akalembe Sitandade 8?

Make Tadala, Rosettenville:
Moni nonse pagulu pano. Pepani ndabwera ndi nkhani yaitali, koma ikundisowetsa tulo. Mwana wanga wamkazi akumaliza Grade 7 chaka chino. Ndinamufunsira malo a Grade 8 pa intaneti monga amafunira a boma la Gauteng, ndinasankha sukulu zisanu, koma mpaka lero uthenga woti wapeza malo sunabwere pomwe anzake ena a m'kalasi analandira kale. Bambo ake akuti tingomukweza basi mu Disembala apite kwa agogo ake ku Ntcheu, akalowe Sitandade 8, alembe mayeso, mwina n'kusankhidwira ku sekondale yogonera konko. Ine mtima ukukana. Ndinachoka kumudzi mu 2009, ndiye sukulu imene ndikuidziwa ine ndi yakale. Amene mukudziwa mmene zinthu zilili panopa ndithandizeni maganizo.

Nabanda, Turffontein:
Achemwali, muyambe mwaona kalendala. Kuno chaka cha sukulu chimayamba mu Januwale, kumudzi chimayamba mu Seputembala. Inu mukuchoka n'kuti zikuyamba kusintha kumene, nthawi ya a Bingu. Mwana akafika mu Disembala apeza teremu yoyamba yatha, ndiponso mayina a olemba mayeso a MANEB amapita msanga. Mapeto ake amubweza ku Sitandade 7, chaka n'kutayika.

Make Tadala:
Aa, zimenezo sindinaziganize n'komwe. M'mutu mwanga ndimangoti Januwale ndi Januwale kulikonse.

aGama, Cosmo City:
Ine ndinene mosabisa, tumizani mwanayo. Chaka chimodzi si kanthu. Kuno ana akuonongeka, mphunzitsi saloledwa ngakhale kugwira kamtengo, mwana amamuyankha mphunzitsi mmene akufunira. Ndinatumiza anyamata anga awiri ku Dedza ndipo sindikudandaula. Ngakhale kuti sukulu ya kwathu inatsika poyerekeza ndi nthawi ya a Kamuzu, ulemu ukadalipo. Nthawi imene ija wa Sitandade 8 ankalemba kalata ya Chingerezi yomveka bwino. Zinthu zinasokonekera ndi sukulu yaulere ija.

Aphunzitsi aPhiri, Mayfair:
aGama, mwakhudza pamene pali moyo wanga, ndiye mundilole nditambasule. Ine ndinagwira choko zaka 16 ndisanabwere kuno kudzasoka zovala, ndipo ndinalowa uphunzitsi chifukwa cha sukulu yaulere yomweyo.

Mu 1994 a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana anali pafupifupi 1.9 miliyoni. Sukulu zitatsegulidwa anafika cha m'ma 3 miliyoni. Makalasi anali omwe aja, mabuku omwe aja, aphunzitsi omwe aja. Ndiye boma linatola ife amene tinali ndi satifiketi ya Fomu 4, ena ya JCE yokha, anatiphunzitsa masabata awiri basi n'kutipatsa kalasi. Ine anandipatsa Sitandade 1 pansi pa mtengo wa mango. Bolodi linali chitseko chakale chimene tinachidetsa ndi makala n'kuchitsamiritsa pa thunthu. Makope ambiri analibe, ndiye ndinkawauza asalaze dothi ndi chikhatho alembe a, e, i, o, u ndi chala, ine n'kumayenda chowerama kuchonga pansi pomwepo. Ndisanafike mzere wachitatu, a kumbuyo anali atafufuta kale ndi mapazi. Mitambo ikada, sukulu yathera pomwepo.

Koma pali china chimene sindiiwala. Pakati pa tiana ta zaka 6 panakhala mtsikana wamkulu ndithu, wa zaka 13, atabereka mng'ono wake kumsana. Zaka zonse zija anali pakhomo chifukwa makolo ake analibe ndalama ya fizi. Tsiku limene analemba dzina lake yekha pa dothi paja anakana kuti anzake apondepo, anakhala n'kumalondera mpaka belu. Ndiye mukati sukulu yaulere inaononga zinthu, ine ndimakumbukira mtsikana ameneyo. Kutsegula chitseko kunali koyenera. Cholakwika chinali kuitana alendo nkhuni zisanatoledwe. Maphunziro enieni a uphunzitsi ndinadzawapeza pambuyo kudzera mu MIITEP, nditaphunzitsa kale ana mazanamazana ndi nzeru zongoganizira. Ana amenewo ndi amene analipira mtengo wa changu chija.

Nachisale, Diepsloot:
Aphunzitsi mwanena zoona. aGama, inu mukukumbukira amene anafika Sitandade 8, koma ife amene tinathamangitsidwa tili Sitandade 3 chifukwa cha fizi ndi yunifolomu simukutiwerenga. Ine ndinabwerera m'kalasi mu 1994 ndili wamkulu kale. Kalata yomveka ija ankalemba ndi ana ochepa amene anapulumuka pa sefa. Pamene a Kamuzu ankatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, ana kumeneko n'kumaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, kwathu kunalibe ngakhale sekondale yoti munthu n'kuyenda wapansi.

aGama:
Sindikutsutsa zimenezo amayi. Koma nanga lero? Mwana amafika Sitandade 4 osatha kuwerenga. Tisanamizane.

Aphunzitsi aPhiri:
Pamenepo sindikutsutsani aGama, ndipo n'chifukwa chake mu 2016 kunabwera National Reading Programme, kubwerera ku maliwu ndi maphatikizo monga tinkachitira kale. Koma muone njira imene tinadutsa. Mu 2007 anatibweretsera silabasi yatsopano ya PCAR yochokera ku Domasi, ku Malawi Institute of Education. Akuti mwana aziphunzira pochita yekha m'magulu, mphunzitsi azingotsogolera, ndipo mwana aliyense azimuyesa pafupipafupi n'kumalemba m'kaundula kuti wafika pati. Pa pepala zinali zokoma. Koma ine nthawi imeneyo ndinali ndi ana oposa 100 m'kalasi imodzi. Kuwaika m'magulu kokha theka la piriyodi lapita. Usiku ndinkakhala ndi koloboyi kudzaza mafomu m'malo mokonzekera phunziro la mawa. Tinaitanidwa ku TDC, kumene aphunzitsi a m'dera amakachitira maphunziro, masiku ochepa chabe, kenako akuti pitani mukachite. Palibe amene anabwera kudzakhala nane m'kalasi ngakhale tsiku limodzi kuti aone ngati zingatheke.

Mphwanu wa ku Auckland Park:
Moni makolo. Ine ndine wamng'ono pagulu pano, ndinabwera kuno ndili ndi zaka 5, sukulu yonse ndaphunzira konkuno ndipo panopa ndikuchita za uphunzitsi ku yunivesite. Zimene akunena aPhiri zandigwira mtima chifukwa tinaziphunzira m'kalasi ngati mbiri ya South Africa. Njira imeneyo kuno ankaitcha OBE, inabwera ndi Curriculum 2005 imene inayamba mu 1998 a Sibusiso Bengu ali nduna. Cholinga chinali chomveka: kuchotsa maphunziro a tsankho amene anayamba ndi Bantu Education Act ya 1953, amene anakonzedwa dala kuti munthu wakuda asaphunzire zopitirira ntchito ya manja. Koma pofika 2000 nduna ina, a Kader Asmal, anali atakhazikitsa kale komiti younikanso chifukwa aphunzitsi ankadandaula za mawu ovuta ndi mapepala ochuluka. Anaikonza mu 2002, kenako a Angie Motshekga anabweretsa CAPS imene inayamba mu 2012. CAPS imamuuza mphunzitsi chochita sabata iliyonse, ndi imene Tadala akuphunzira panopa. Ndiye mmene kumudzi munkayamba mu 2007, kuno eni ake anali atalira nayo kale zaka zingapo.

Aphunzitsi aPhiri:
Mwana wanga, zikomo. Zimenezi ndinadzazimva nditafika kuno, kwa mayi wina wa Chizulu amene ankasoketsa zovala kwa ine, naye mphunzitsi. Titayamba kucheza tinapeza kuti madandaulo athu anali amodzi, iye ku Soweto ine ku Ntchisi. Zinandipweteka kuti phunzirolo linalipo kale kwa anansi, ife n'kukagwera m'dzenje lomwelo.

Make Tadala:
Ndikuwerenga zonse. Dzulo usiku nditaona uthenga wa Nabanda ndinati ndimuyese mwanayu. Ndinamupatsa pepala kuti alembere agogo ake kalata m'Chichewa. Kuyankhula amayankhula bwinobwino, pakhomo pano ndi Chichewa chokhachokha. Analemba kuti Okondedwa agogo, kenako anaima, cholembera chili pakamwa. Patapita nthawi analemba mizere itatu, koma pakati panalowa ngiyabonga ndi ukuthi, mawu ena anawadula pakati. Atandiona nkhope anayamba kulira, akuti amayi kusukulu sanatiphunzitsepo zimenezi. Ndipo sakunama. Iye amaphunzira Chingerezi ndi Chizulu.

Nabanda:
Apo ndiye pali nkhani. Pa mayeso a PSLCE pali pepala la Chichewa, muli chimangirizo, kalata, malamulo a chiyankhulo, zining'a ndi mikuluwiko. Mwana woti sanalembepo Chichewa angazigwire m'miyezi isanu? Ndipo kumbukirani kuti kukhoza ndi kwina, kusankhidwa ndi kwina. Malo a Fomu 1 ndi ochepa kuyerekeza ndi ana okhoza, ndipo ambiri osankhidwa amapita ku CDSS, sukulu zija zinali ma MCDE, malo ophunzirira maphunziro a patali, kale zisanasinthidwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Sekondale yogonera ya boma imene akuiganizira bambo akeyo amapitako ndi ana amene akhoza mwapamwamba zedi.

Che Saidi, Fordsburg:
Salaam kwa onse. Kulira kwa mwanayo ine ndikukudziwa. Kwathu ku Mangochi, kumidzi, mwana amakula ndi Chiyao. Tsiku loyamba ku Sitandade 1 mphunzitsi akuyankhula Chichewa, buku lili m'Chichewa, kenako Chingerezi. Ine chaka choyamba chonse ndinangokhala duu, ndinabwereza kawiri, anthu n'kumati ndine wopanda nzeru. Ndiponso tisaiwale kuti agogo athu sankatumiza ana kusukulu chifukwa sukulu zinali m'manja mwa amishoni, ankaopa kuti mwana akabwerako atasintha dzina ndi chipembedzo. Ankasankha madrasa. Pamene a Livingstonia anafika mu 1875 ndi a Blantyre Mission mu 1876, madera ena anayamba kuphunzira, ife tinatsalira mibadwo iwiri kapena itatu. Mpata umenewo sutsekeka ndi chilengezo cha pa wailesi.

Mu 1996 boma linalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 ana aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Ife tinasangalala. Koma ine mabuku a Chiyao sindinawaone pasukulu ya kwathu. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chiyankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Mwana wa ku Namwera ali pomwe paja, akudikira munthu woti amufotokozere masamu m'mawu amene amamva.

aNyirenda, Randburg:
Che Saidi, ife a kumpoto tili ndi bala lomwelo. Mpaka 1968 Chitumbuka chinkaphunzitsidwa m'sukulu ndiponso chinkamveka pa wailesi. Chaka chimenecho msonkhano wa MCP unagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi ndizo ziyankhulo za dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa. Mu 1989 kunabwera lamulo loti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwawo. Malume anga ankaphunzitsa sayansi kumwera, anapakira katundu pa lole ndi banja lonse, ana amene ankawaphunzitsa anatsala opanda mphunzitsi pakati pa chaka. Za quota, kugawa malo a ku yunivesite potengera kumene mwana akuchokera, ndiye musanene. Inayamba nthawi ya a Kamuzu, inaima, a Bingu anaibwezeretsa, kenako inathetsedwa mu 2020. Ine sindikufuna kuti tikangane za zigawo pano, chifukwa vuto lenileni linali loti malo ku yunivesite anali ochepa, anthu n'kumalimbirana kachidutswa. Kuwonjezera Mzuni, LUANAR ndi MUST kunathandiza kuposa kukangana za kagawidwe. Chimene ndikunena n'chakuti zosintha zambiri za sukulu kwathu zinabadwira pa nsanja ya ndale, sizinabadwire m'kalasi.

Mphwanu wa ku Auckland Park:
Nkhani ya chiyankhulo kuno inakhetsa magazi. Pa 16 Juni 1976 ana a ku Soweto anaguba pokana kuphunzira masamu ndi maphunziro ena m'Chiafrikaans, apolisi anawaombera. Amene simunapiteko, pitani ndi ana ku chikumbutso cha Hector Pieterson ku Orlando West, si patali. Koma ngakhale lero nkhaniyi siinathe. M'sukulu zambiri mwana amaphunzira m'chiyankhulo cha kwawo mpaka Grade 3, akafika Grade 4 zonse zimatembenukira ku Chingerezi. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a Grade 4 kuno satha kuwerenga momvetsa zimene akuwerengazo, m'chiyankhulo chilichonse. Ndiye aGama, vuto limene mukuliona kumudzi liliponso kuno, dziko loti lili ndi ndalama zambiri kuposa lathu. Ndipo lamulo la maphunziro la BELA limene a Ramaphosa anasaina mu Seputembala 2024, mkangano waukulu unali pa ndime ziwiri zokha: ndani ali ndi mawu omaliza pa chiyankhulo cha sukulu, komanso pa kalandiridwe ka ana. Lamulo lomwelo ndi limene lapangitsa kuti Grade R, kalasi yokonzekera Grade 1, ikhale yokakamiza.

Nachisale:
Ine ndikufuna ndionjezere za JCE, chifukwa Tadala akapita kumudzi adzaipeza. Boma linalengeza mu 2015 kuti likuthetsa mayeso amenewa pofuna kupulumutsa ndalama, kenako boma lina linawabwezeretsa mu 2021. Mwana wa mchemwali wanga anali Fomu 2 mu 2018, ndiye sanalembe. Ali Fomu 3 bambo ake anamwalira, fizi inasowa, anasiya. Zaka 11 za sukulu, m'manja alibe pepala lililonse loposa la Sitandade 8. Akanabadwa zaka zitatu m'mbuyo kapena zitatu m'tsogolo bwenzi ali ndi JCE yoonetsa pofunsira ntchito. Amene anasintha aja anapitirira ndi moyo wawo, iye ali kuno akutsuka magalimoto.

aGama:
Zimenezo n'zomvetsa chisoni. Koma nanenso ndifunse, mwana wa mlendo kuno tsogolo lake lili pati? Afika Grade 12, mapepala osalongosoka, matric alemba bwanji? Ine ndinatumiza anga chifukwa cha mantha amenewo. Ndinapita pasukulu ina ndi mwana wanga woyamba, mlembi wa pa ofesi anangoyang'ana pasipoti n'kunena kuti malo atha, pomwe amene anali kumbuyo kwanga anamulandira. Ndinabwerera kunyumba mwana atavala yunifolomu yogula kale.

Mphwanu wa ku Auckland Park:
Pepani kwambiri bambo, zimenezo zimachitikadi ndipo zikuchitikabe. Koma lamulo lili kumbali ya mwana. Ndime 29 ya malamulo aakulu a dziko lino imati aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro oyambira, siimati nzika zokha. Mu Disembala 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo unduna unatumiza kalata kusukulu zonse mu 2020 kuwauza zomwezo. Mlembi akakubwezani, musathere pa geti, pitani ku ofesi ya maphunziro ya district.

Amayi a Tadala, mufufuze chinthu chimodzi. Lowani pa intaneti pomwe munafunsira paja muone ngati umboni wa malo okhala unavomerezedwa. Kuno ku Gauteng amayamba kupereka malo kwa ana okhala pafupi ndi sukulu, ndiye ambiri a ife amene timachita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya munthu timakanirira pamenepo, chifukwa bilu ya magetsi ili m'dzina la landilodi. Pamafunika pepala la mgwirizano wa lendi pamodzi ndi mapepala a mwini nyumba. Komanso ngati sukulu imene angapeze ndi yolipira, funsani fomu yopempha kuchotseredwa fizi. Sukulu za boma anazigawa m'magulu asanu malinga ndi umphawi wa dera, magulu atatu oyamba salipiritsa, koma zambiri za m'tauni muno zili m'gulu lachinayi ndi lachisanu ngakhale kuti okhalamo lero ndi anthu ovutika.

Make Tadala:
Mwana wanga, ndalowa pompano. Pa umboni wa malo okhala palembedwa kuti sizinatsimikizidwe. Miyezi yonseyi ine ndimangodikira uthenga osadziwa.

Nabanda:
Mwaona? Mawa m'mawa mulawirire kwa landilodi asanapite kuntchito.

Aphunzitsi aPhiri:
Make Tadala, maganizo anga ndi awa, ndipo mukawauze bambo ake mwaulemu kuti achokera kwa mphunzitsi. Mwanayu musamuzule panopa. Waphunzira zaka 7 m'njira imodzi, kwatsala zaka 5 kuti alembe matric. Kumudzi ndi zaka 8 ku pulayimale ndi 4 ku sekondale, kuno ndi 7 ndi 5, ndiye pamene iye waima ndi pamene njira ziwirizi zimasemphana kwambiri. Mukamutumiza akakumana ndi mayeso amene amagamula tsogolo lonse la mwana pa sabata imodzi, m'maphunziro amene sanawaonepo, mbiri ndi malo a Malawi, ulimi, Chichewa cholemba. Ine ndaona ana ambiri atagwidwa pakati pa silabasi yakale ndi yatsopano popanda kulakwa kwawo. Amenewo sakanachitira mwina chifukwa linasintha ndi boma. Koma apa osintha mukhala inuyo makolo, ndipo muli ndi mpata wokana.

aGama anatumiza awo ali aang'ono, n'chifukwa chake zinayenda. Woyamba Sitandade 2 kapena 3 amagwira msanga.

aGama:
Zoona, wamkulu anali ndi zaka 8. Pamenepo ndavomera aphunzitsi. Koma Chichewa chokhacho mwanayo achidziwe. Tsiku lina permit idzakanika, mudzabwerera naye, adzakhala mlendo kwawo.

Che Saidi:
Apo ndagwirizana ndi aGama. Anga amayankhula Chizulu ndi Chingerezi, Chiyao amangomva. Zimandiwawa.

Aphunzitsi aPhiri:
Ndiye tichite chonchi. Ine Loweruka ndimatseka shopu 1 koloko. Kuseri kuli malo okwana ana khumi atakhala pa mabenchi, ndipo bolodi ndipeza. Tiziyamba 2 koloko mpaka 4 koloko, kuwerenga ndi kulemba Chichewa basi, kuyambira maphatikizo mpaka kalata. Sindilipiritsa, koma aliyense abwere ndi kope ndi pensulo. Chimene ndilibe ndi mabuku. Che Saidi, ngati mungapeze wodziwa kulemba Chiyao, ola lachiwiri tikhoza kugawana chipinda.

Nabanda:
Mlamu wanga akunyamuka ku Blantyre Lachisanu pa basi, afika ku Park Station Loweruka usiku kapena Lamulungu. Ndimuuza agule mabuku a Chichewa a Sitandade 2, 3 ndi 4. Amene mukufuna kusonkha mundilembere kumbali lero lomwe kuti ndalama ndimutumizire mawa.

aNyirenda:
Ine ndisonkha, ndipo ndibweretsa adzukulu anga awiri. Kuchokera ku Randburg ndi mataxi awiri, ndiye tikachedwa pang'ono musatitsekere.

Make Tadala:
Zikomo nonse. Bambo ake ndawawerengera zonse, akuti tiyambe taona za landilodi ndi ku district sabata ino, za basi zija taziimika kaye. Aphunzitsi, Tadala akufunsa ngati angabwere ndi kalata ya agogo ija kuti mukamuthandize kuimaliza. Mlamu wa Nabanda akamabwerera akaitenge, agogo ake foni ya WhatsApp alibe.

Aphunzitsi aPhiri:
Abwere nayo mmene ililimo, asafufute kalikonse. Tidzayambira pa mizere itatu imene analembayo.